Chala Chachisanu cha Dokotala Inonge

Lolemba, 2 Juni

Ndikulengeza kwa mtundu wonse wa Zambia, ndi chisoni chachikulu, kuti patapata yanga yakumanzere yasowa. Inaoneka komaliza cha m'ma 10 koloko m'mawa pansi pa benchi yodikirira dokotala. Ndi yabuluu, yodyeka ku chidendene, ndipo yatumikira mokhulupirika zaka zitatu osapempha tchuthi. Yasiya inzake yakumanja ndi ine mwiniwake, Whyson Miti wa ku Matero, mphunzitsi wopuma, amene Loweruka lililonse ndimalemba mphindi khumi zonyogodola anthu pa wailesi ya m'dera lathu. Za mwambo wa maliro tidzakudziwitsani.

Tsopano nkhani zing'onozing'ono. Andigoneka. Wodi ya amuna, bedi 14, pafupi ndi zenera losatsekeka. Shuga 23.4. Kutentha kwa thupi 38.2. Chala chachikulu cha phazi lakumanzere chada bii, ndipo anthu akuyamba kuchimva asanachione. Ndinaponda kawaya milungu itatu yapitayo osamva kanthu, poti shuga anandilanda kumva kwa kumapazi kalekale. Andiika diripi, mankhwala a m'mitsempha katatu pa tsiku, insulini m'mawa ndi madzulo.

Kope ili wandigulira Marjory, mkazi wanga. Akuti: "Lembani vonse vamene bakamba ba dokota, Batate ba Mwai, chifukwa imwe mukafika ku nyumba mumasintha nkhani." Ndamuwerengera chilengezo cha patapata, waseka mpaka nesi watiyang'ana. Kwa zaka 31 iye ndiye woyamba kumva chilichonse chimene ndalemba. Akaseka, chimapita ku wailesi. Akapanda kuseka, pepala ndimang'amba.

Lachiwiri, 3 Juni

Shuga 19.1. Kutentha 38.0.

Muno amadzutsa munthu kusanache kuti amufunse ngati wagona bwino. Kenako kubaya chala cha kudzanja, insulini, tiyi wopanda shuga amene ndi madzi otentha ovala yunifomu.

Pa bedi 15 pali Ba Webster, dalaivala wa minibasi wa ku Mandevu. Mwendo wawo unathyoka pawiri, wapachikidwa pa zitsulo, ndipo akhala muno milungu isanu. Amadziwa zonse: nesi wa dzanja lopepuka, tsiku la nyama, ndi bedi la tsoka. Atamva kuti ndinali mphunzitsi andipatsa dzina, Ba Ticha. Akuti Chichewa changa ndi cha m'Baibulo, ndikamalankhula amafuna kuyankha kuti ameni.

Cha m'ma 8 koloko kwabwera mtsikana wa nsapato zothamangira, kachikwama kumsana, maso ofiira ndi tulo. Ndimayesa wabwera kudzaona bambo ake. Wati, "Mwauka bwanji, Ba Miti? Ndine Dokota Inonge."

Wamasula bandeji, wayang'ana nthawi yaitali, wakanikiza apa ndi apo. Kenako watulutsa cholembera chakuda n'kujambula mzere pakhungu langa, pomwe kufiira kwathera, pamwamba pang'ono pa chala. Walembapo ndi tsiku. Akuti mzerewo ndi woti tizionera ngati matenda akukwera. Telala wa pa msika wa Matero amachitanso chimodzimodzi asanagwire sizasi.

"Chala ichi chafa, batate. Sichizauka. Tifunika kuchichosa mailo kuseni, matenda yakalibe kukwela."

"Mawa m'mawa? Achotse ndani?"

"Ine."

Ndafunsa kuti akuluakulu ali kuti. Akuti dokotala wamkulu wa wodi ino, Ba Mwewa, ali ku Mansa. Masiku ano madokotala ophunzira ukatswiri sawaunjikanso mu Lusaka mokha. Anawamwaza m'zipatala za m'zigawo, ndiye mkuluyo amayenda kukawayesa mayeso komweko. Abwera pa 12.

Ndamufunsa mbiri yake ngati ndikufuna kumulemba ntchito. Wayankha osakwiya: zaka zisanu ndi ziwiri ku yunivesite, chaka ndi theka akuzungulira mawodi ngati dokotala watsopano, chaka china akugwira mwaulere podikira kuti boma limulembe, ndipo tsopano ali m'chaka choyamba mwa zinayi zophunzira opaleshoni. Ndati zikomo, ndiganize kaye. Wasiya fomu yovomera opaleshoni pa kabati kanga.

Atachoka, Ba Webster: "Chaka choyamba, Ba Ticha! Ku mabasi uyo tikali kumupasa chabe kusuka matayala."

Lachitatu, 4 Juni

Shuga 17.6. Kutentha 38.3. Kufiira kwadutsa mzere wa dzulo ndi kachidutswa konga chikhadabo. Dokotala Inonge wajambula mzere wachiwiri.

Lero ndagwira umboni. Ali pakati pondifotokozera, anamuitana mothamanga ku bedi la kumapeto, n'kusiya buku lake lobiriwira pa bulangeti langa, lotsegula. Sindinabe. Linagona pa mwendo wanga, ndipo chogona pa mwendo wanga ndili ndi ufulu wochiwerenga.

Ndi buku limene dokotala aliyense wophunzira amapatsidwa. Tsamba lililonse lili ndi mtundu wa opaleshoni, kuchuluka kwa zomwe ayenera kuchita asanaloledwe kupita m'chaka chachiwiri, ndi mizere yolembapo tsiku, nambala ya wodwala ndi siginecha. Tsamba lomwe linali lotsegula: kudula chala cha phazi. Zofunika, zisanu. Mizere inayi yodzaza. Wachisanu uli mbee, ukundiyang'ana.

Ndaphunzitsa zaka 26. Nkhope ya mwana amene watsala ndi ntchito imodzi kuti akwanitse malikisi ndimaidziwa ngakhale mumdima. Mwana woteroyo akhoza kukulembera kuti mtsinje wa Kafue uli ku Chipata, bola mzere udzaze.

Atabwerera ndamuuza kuti sindisaina mpaka Ba Mwewa aone chala changa ndi maso awo.

"Ba Miti, pa 12 ni patali. Ivi vinthu vimathamanga."

"Nanunso mukuthamanga, adokotala. Watsala mzere umodzi, eti?"

Wayang'ana buku, wayang'ana ine. Sanayankhe. Watenga buku lake n'kupita. Wosalakwa akadayankha.

Ba Webster aomba m'manja: "Mwabagwila, Ba Ticha! Bafuna pasenja umozi chabe kuti basi izule, inyamuke."

Lachinayi, 5 Juni

Shuga 16.2. Kutentha 38.1. Mzere wachitatu.

Dokotala Inonge wabwera ndi foni. Akuti anajambula phazi langa n'kutumiza kwa Ba Mwewa. Ndi mmene amachitira masiku ano mkulu akakhala kutali. Wandionetsa yankho: chotsani lero, musadikire ine. Pamwamba palembedwadi dzina la Mwewa. Ndamuuza kuti ine m'foni mwanga muli munthu amene ndinamulemba kuti Nduna ya Zamadzi, koma ndi Fanwell wokonza mipope. Wati awaimbire ndilankhule nawo. Ndati mawu a munthu wamkulu pa foni ngakhale Ba Webster akhoza kuwatulutsa. Ba Webster atsokomola mwaulemu ngati profesa.

Cha m'ma 11 wadutsanso, ulendo uno akutsogolera timadokotala tinayi tongochoka kumene ku yunivesite. Anazungulira bedi langa, iye n'kumawafunsa mafunso, iwo n'kumayankha akuyang'ana m'mafoni. Ndiye kuti wa chaka choyamba akuphunzitsa wa dzulo, ndipo wa dzulo mawa aphunzitsa wa lero. Mmodzi, kamnyamata kochokera ku imodzi mwa mayunivesite atsopano omwe amera paliponse ngati malo ogulitsira mafuta a galimoto, anagwira phazi lakumanja n'kunena kuti likuoneka bwino. Ndinamuyamikira. Ndi yekhayo pano amene wanena zabwino za ine.

Masana wabwera ndi mnzake wa chaka chachinayi kuti andinyengerere. Ameneyu ndevu ali nazo, koma imvi ngakhale imodzi. Wanena zomwezo, pafupifupi mawu omwewo. Ana a kalasi imodzi amakoperana, zimenezonso ndimazidziwa.

Bala watsuka Sisita Philomena, nesi wamkulu wa wodi, amene wagwira pano zaka 29. Ndawafunsa kuti ana awa amaphunzira bwanji kugwira mpeni.

"Kudala benze kuyenda kumbuyo kwa profesa monga tunkhuku, banyamula chola chake, bayang'ana chabe. Manje bayamba pa vidoli va pulasitiki na pa vimbombo. Basoka, basoka, ndiye babwela pa banthu."

Vimbombo! Mapazi a ng'ombe omwe timagula pa msika kumapeto a mwezi! Ndafunsa ngati ng'ombezo zinachira. Sisita sanaseke. Ati, "Uja mwana ali na manja yabwino. Sainani."

Onse ali pamodzi.

Lachisanu, 6 Juni

Shuga 15.8. Kutentha 38.6. Ekisire ikuonetsa kuti fupa la chala ladyeka, atero iwo. Mzere wachinayi wafika pomwe lamba wa patapata amadutsa.

Mwaiwathu, mwana wathu wa ku Kitwe, waimba foni kuti ndisavute madokotala. Ndamuuza kuti sukulu yake ndinalipira kuti azindiikira kumbuyo.

Marjory wabweretsa impwa, chibwabwa chopanda mafuta ndi kankhuku kowiritsa. Ba Webster adzipereka kulawa kaye ngati mulibe poizoni, ndipo kafukufuku wawo watha ntchafu yonse. Koma Marjory anakumana ndi dokotala panjira, ndipo walowa nkhope itasintha.

"Batate ba Mwai, banionesa vithunzi vonse kuchokela pa Chibili. Chikwela."

"Amake Mwai, wojambula mizere ndi yemweyo akufuna chala. Woweruza ndi mwini mlandu ndi munthu mmodzi."

"Ine nifuna imwe. Chala nilibe nacho nchito. Kapena ndiye chamene mumalembela?"

Ndamufotokozera za buku lobiriwira. Ndinaikamba bwino kwambiri, ndi basi ya Ba Webster momwemo, ndi ng'ombe zosachira, mpaka waseka asakufuna, misozi ili m'maso. Waseka, ndiye kuti nkhani ndi yabwino. Ndailemba bwinobwino n'kuitumiza ku wailesi pa foni.

Loweruka, 7 Juni

Shuga 16.9. Kutentha 38.7.

Mphindi zanga khumi zawerengedwa 1 koloko masana. Ba Webster anakweza foni mpaka mapeto, wodi yonse ili chete. Sindinatchule chipatala kapena dzina la munthu. Ndinangokamba za dziko lina lakutali kumene madokotala ana amayenda ndi buku m'khwapa, akusankha zala za anthu ngati amayi osankha tomato pa msika, aphunzitsi awo akuchiritsa pa foni ali kumalire a dziko. Ndinalangiza nzika za kumeneko kuti polowa m'chipatala ziziwerenga zala zawo pamaso pa mboni ziwiri. Amuna a miyendo yopachika aseka mpaka zitsulo kulira. Wa bedi 9 wati ndikaime pa chisankho, voti yake ndi ya mkazi wake ndili nazo kale.

Sindinadziwe kuti Dokotala Inonge ali pa ntchito lero. Anali pa tebulo la manesi akulemba. Akuti kuyambira dzulo m'mawa sanapite kwawo. Pulogalamu itatha, wabwera ndi cholembera chake.

"Namvela, Ba Miti. Ija ya tomato yanisekesa."

Wajambula mzere wachisanu.

"Fomu ili pamene ninaisiya."

Wodi yonse inayang'ana kudenga. Ndikuganiza kuti kusakwiya nakonso amawaphunzitsa pa zidole.

Lamlungu, 8 Juni

Shuga 18.9. Kutentha 39.0. Zala ziwiri zoyandikana ndi chachikulu zayamba kuda. Mzere wa lero uli pakati pa phazi.

Lamlungu lililonse Marjory ndi ine timayenda wapansi kuchoka ku Matero kupita ku tchalitchi ku Lilanda. Basi ilipo, koma timayenda, mphindi 40 kupita, 40 kubwera. Ine ku tchalitchi ndimapitira njirayo. M'nyumba timakamba za magetsi ndi za ana. Pa njira timakamba za ife. Lero wayenda yekha, n'kubwera kuno ndi yunifomu yake ya chigwirizano. Akuti njira yatalika.

Dokotala wafika Marjory ali pomwepo.

"Ba Miti, nikambe chilungamo. Manje sichili chala cheka. Tikachita lelo, tizachosa hafu ya phazi, koma chidendene chizasala. Muzayenda."

Lachiwiri chinali chala. Lero theka la phazi. Ndati, "Zikukwera msanga kuposa mtengo wa ufa. Tsamba la phazi nalonso lili ndi mzere wotsala?"

Marjory wandifinya dzanja mpaka diripi kupweteka. Dokotala wangoti, "Masiku yanayi yamene yasala ni yambili maningi," n'kupita.

Ndiyenera kulemba kuti fungo tsopano ndikulimva ndekha. Ba Webster apempha kuti zenera losatsekeka lisakonzedwe. Madzulo ano sanandiitane Ba Ticha, andiitana Bakamba, monga aitanira munthu wamkulu. Ati, "Bakamba, ine nenze kuseka chabe. Uyu mwendo wanga anaumanga ni yeve uja dokota mukazi, na vala vanga vonse nikali navo."

Ndawauza kuti nawonso awagula.

Lolemba, 9 Juni

Kutentha 39.4. Shuga 22.0 ngakhale awonjezera insulini. Asintha mankhwala a m'diripi. Mzere uli pafupi ndi kakolo. Kuzizira kuli mkati mwa mafupa, mabulangeti awiri sakuthandiza. Fomu ili pa kabati, pansi pa kapu. Atsala masiku atatu.

Lachiwiri, 10 Juni

39.6. Ndasanza kawiri. Dokotala wabwera m'mawa ndi masana. Sindinatsegule maso, koma cholembera ndachimva pakhungu. Kumapazi ine sindimva kanthu. Ndiye kuti chafika pomwe ndimamva.

Lachitatu, 11 Juni

Ba Mwewa abwera mawa.

Marjory wagwada pafupi ndi bedi, fomu ili m'manja. Ndati tsiku limodzi lokha. Ndadikira masiku asanu ndi atatu, ndiye ndisaine lero, pamaso pa anthu onse aja anaseka Loweruka?

Lamlungu, 15 Juni

Ndalephera kulemba masiku atatu. Ndilembe za Lachinayi ndisanayambe kuzikometsa.

Ba Mwewa anabwera. Imvi zonse zomwe ndinaitanitsa anali nazo, mutu wonse, ndi m'nsidze momwe. Kumbuyo kwawo madokotala ana asanu ndi mmodzi, Inonge ali kumapeto. Anavundukula bandeji n'kuyang'ana mizere yonse ndi masiku ake, kuyambira pa chala mpaka pamwamba pa kakolo, ngati munthu wowerenga makwerero. Sizinatenge mphindi imodzi.

"Ndimwe Ba Miti ba pa wailesi? Banitumila, namvela. Mwenze kufuna imvi, mukwai. Izi apa. Imvi zikamba kuti tijuba pansi pa bondo, lelo. Tikalindila mailo, tizakamba na bakazi banu va bokosi."

Ndinafunsa ngati angapulumutse chidendene.

"Pa Sondo chinalipo. Uyu anakuuzani."

Ndinasaina. Siginecha inaoneka ngati ya munthu wina. Kenako ndinafunsa, ndi mawu aang'ono, kuti odula ndi iwowo, eti.

"Ine? Awe. Ine nchito yanga manje ni kuimilila pambali, kuyang'ana na kusaina. Azachita ni Dokota Inonge. Muno kulibe wamene asoka monga yeve, olo ine wamene."

Anadula pansi pa bondo lakumanzere, Lachinayi 3 koloko masana. Anandibaya pamsana, theka la thupi n'kufa, koma makutu anali maso. Ndinamva mawu awiri okha nthawi yonseyo, a mtsikana akunena chimene akuchita, ndi a nkhalamba ikuti, "Eya. Eya. Pitiliza." Andiika magazi mapaketi awiri.

Lero shuga 9.4. Kutentha 37.1. Chala chomwe kulibe chikuyabwa.

Lolemba, 16 Juni

Shuga 8.7. Kutentha 36.9. Achotsa diripi, mankhwala tsopano ndi akumwa.

Sisita Philomena amasula bandeji. Akuti bala ndi loyera. Ndayang'ana kamodzi kokha. Dokotala Inonge wasoka bwino. Ng'ombe zija sizinafe chabe.

Ndinayesa kucheza nawo, ndinati bola mwana uja buku lake lapeza chakudya. Sisita anasiya thonje m'mbale n'kundiyang'ana.

"Imwe Ba Miti, munabelenga buku ija, koma simunafike kumapeto kwa laini. Siginecha ija ni ya ndani?"

Ndinati ya dokotala.

"Dokota uti? Ni ya mukulu wamene anaimilila pambali, anaona na maso yake. Kulibe mukulu, kulibe siginecha, sivibelengeka. Ba Mwewa benze ku Mansa. Sembe anakujubani chala pa 4, sembe mu buku sanalembemo kalikonse. Enze kuchita chabe kuti muyende."

Ndiye kuti akadafuna mzere wake wachisanu, akadandiuza kuti dikirani pa 12. Akadagwirizana nane.

Zaka 26 ndakhala ndikukalipira ana kuti werengani funso lonse musanayankhe.

Lachiwiri, 17 Juni

Shuga 9.0. Abwera ophunzitsa kuyenda, ndi ndodo ziwiri. Ndaima. Ndaiwala, ndaponda ndi mwendo womwe kulibe, ndagwera pa bedi 15. Ba Webster andigwira ndi dzanja limodzi: "Pasenja, gwililani, basi ikalibe kunyamuka." Palibe waseka. Wa bedi 9 za chisankho sakutchulanso.

Lachitatu, 18 Juni

Shuga 8.2. Kutentha 36.8. Masitepe khumi ndi awiri ndi ndodo, kufika pa tebulo la manesi.

Dokotala Inonge wabwera kudzatsanzika. Miyezi yake ya mu wodi ino yatha; maphunziro awo amafuna kuti akakhale miyezi isanu ndi umodzi pa chipatala cha kumudzi, ndiye Lolemba akupita kumadzulo kwa dziko. Wayang'ana bala, wati likupola. Ndamupempha akhale pansi. Wakhala m'mphepete mwa bedi, pomwe tsopano pali malo.

"Za siginecha ija, bwanji simunandiuze tsiku lomwelo?"

"Sembe munanikhulupilila?"

Ndinaganiza. Ndinati ayi.

"Olo ngakhale teti, nenze kufunika kukamba. Siku ija ninakalipa, nenze nalema, ndiye ninangokhala zii. Nimaiganiza maningi."

Ndinachita chomwe ndimachita nthawi zonse. Ndinati bola mwendo wanga wadzaza mzere pa tsamba lina. Watulutsa buku lobiriwira m'chikwama, watembenuza tsamba lomwe ine sindinatembenuze. Kudula pansi pa bondo. Zofunika, zisanu. Mizere inatha kalekale, ndipo wapitiriza m'mphepete mwa tsamba ndi tizilembo ting'onoting'ono. Ine ndine wa 13.

"Mendo sizisoba muno, Ba Miti. Chamene chisoba ni munthu wamene chala chikali chala."

Tsamba la chala lidakali pa zinayi.

Ponyamuka wati: "Phazi yakumanja muziiyang'ana siku lililonse, na pansi pomwe, na kagilasi. Mukaona kalikonse, mubwele pamene apo. Olo mupeze wa chaka choyamba."

Ndinafuna kunena pepani. Ndinanena kuti ayende bwino. Ba Webster anamukuwira ali pakhomo: "Ba dokota, mukabwela mukwele yanga, simuzalipila!" Wakweza dzanja osatembenuka.

Lachisanu, 20 Juni

Shuga 7.9. Kutentha 36.7. Anditulutsa mawa. Ulusi adzachotsa pa 26. Za mwendo wopanga akuti tidzakamba bala likapola, miyezi itatu kapena kupitirira. Mndandanda wa odikira ndi wautali.

M'mawa Sisita Philomena abwera ndi kanthu m'pulasitiki. Wosesa waipeza kuseri kwa benchi, pakati pa khoma ndi chitsulo. Yabuluu, yodyeka ku chidendene.

Nthawi yomweyo ndinalemba chilengezo chachiwiri. Ndinadziwitsa mtundu wonse kuti patapata yomwe inasowa pa 2 Juni yapezeka yamoyo, koma yabwerera n'kupeza udindo wake utathetsedwa, ofesi itagwetsedwa, ndipo ikupemphedwa kudikira kunyumba mpaka boma litaganiza zochita nayo. Ba Webster aseka mpaka kutsokomola. Ati iyi ndiye yabwino kuposa ya tomato.

Marjory wabwera masana ndi buluku langa lotuwa. Mwendo wakumanzere waupinda kale, waumanga ndi mapini awiri, mwaukhondo. Ndamuwerengera chilengezo. Wamvetsera mpaka mapeto, manja ali pa chikwama. Kenako watenga patapata, waipukuta fumbi ndi nsonga ya chitenje, waiika m'chikwama.

"Nafunsa ba Webster," wati. "Ati basi ya ku Lilanda pa Sondo imayamba 7 koloko. Ni mamineti teni chabe."

Pepala ndang'amba.

Mwendo unali wanga, ndipo ndinautaya ndekha, poopa kuti wodi ingandiseke. Koma njira ya ku Lilanda inali ya anthu awiri. Za imeneyo sindinamufunse Marjory.